Kodi Nkololedwa Kuphunzitsa Nyama Ntchito ya Nkhondo?

Phunziro la akhristu ndi aphunzitsi a katekisimu

Pa 4 Okutobala Eklezia Katolika akumbukira Francis Woyera wa ku Assisi, munthu wa Mulungu amene ankatcha mbalame ndi zilombo abale ake. Pa tsiku lomwelo, m'chaka cha 1992, mu mzinda wa Roma, boma la Mozambique ndi gulu la Renamo anasainirana pangano lothetsa nkhondo imene inayamba m'chaka cha 1977. Pakati pa oyanjanitsa panali akhristu a gulu la Sant'Egidio pamodzi ndi Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa ku Beira. Akuluakulu a ku Machinga ndi Balaka sanaiwale nkhondoyo, pakuti othawa kwao amene anafika m'Malawi anali pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo njanji yochokera ku Nkaya, kudzera pa Liwonde ndi pa Nayuchi, inakhala zaka zingapo yosafikitsa katundu ku doko la Nacala.

Mfuti zitaleka kulira, nthaka ya Mozambique inatsala ndi mabomba okwirira m'minda, m'njira ndi pafupi ndi zitsime. Mwa amene anathandiza kuwazula munali kanyama kodziwika bwino kwa anyamata a kumudzi, ndiye bwampini. Kutali ndi kuno, maiko amphamvu aphunzitsa nyama ina ya m'nyanja yamchere, dzina lake dolofini, kuti itumikire asilikali a pamadzi. Nyama ziwirizi zifunafuna chinthu chimodzi, ndicho bomba lobisika. Kodi tsono mlandu wake ngofanana pamaso pa Mulungu? Kodi munthu ali ndi ufulu wotenga cholengedwa chosadziwa udani ndi kuchilowetsa m'nkhondo zake? Funsoli likhudza dolofini wa kutali, likhudzanso ng'ombe, bulu ndi galu wa pakhomo.

1. Dolofini ndi nyama yotani?

Amene amuona koyamba ayesa kuti ndi nsomba yaikulu, koma dolofini si nsomba ayi. Apuma mpweya ngati munthu, kudzera pa chiboo chimene chili pamwamba pa mutu wake, ndipo akakhalitsa pansi pa madzi amira. Wamkazi akhala ndi bere pafupifupi miyezi 12, nabala mwana mmodzi, namuyamwitsa. Mwanayo akhala pambali pa amake zaka zitatu kapena kupitirira. Akatswiri a zolengedwa apeza kuti mwa nyama zonse zimene zili ndi moyo lero, mbale wapafupi wa adolofini ndi anamgumi ndiye mvuu, yomwe ija imveka kulira mu Shire pa Liwonde usiku.

Adolofini akhala m'magulu, ndipo ayenda mitunda yaitali tsiku lililonse. Aliyense ali ndi kaliridwe kakekake, kamene anzake amzindikira nako monga dzina. Mnzao akadwala kapena akavulala, aonedwa akumkankhira pamwamba pa madzi kuti apume. Mphatso yao yoposa zonse ndiyo yoona ndi makutu, monga achitira mleme mumdima. Dolofini atulutsa timau tofulumira kwambiri, timauto tikagunda chinthu tibwerera, ndipo iye adziwa ukulu wa chinthucho, kutalika kwake, ngakhale chitakwiririka m'matope. M'madzi osaya ndi akuda a pa doko, luso lakeli lakhala likuposa makina ambiri amene anthu apanga. Mphatso imene Mlengi anampatsa kuti apezere chakudya, ndiyo imene asilikali anaisirira.

2. Ntchito imene asilikali ampatsa

Asilikali a pamadzi a ku United States anayamba kuphunzira za adolofini cha m'ma 1960, ndipo mpaka lero asunga makumi angapo a nyamazi ku San Diego. Kaphunzitsidwe kake nkosavuta kumva: dolofini akachita chimene afuna mphunzitsi, mphunzitsiyo aliza wenzulo nampatsa nsomba. Pang'onopang'ono nyamayo iphunzira ntchito ziwiri. Yoyamba ndiyo kupeza mabomba otcheredwa m'madzi kuti aphulitse sitima. Ikapeza bomba ibwerera ku bwato, ilandira chizindikiro choyandama, nikachisiya pafupi ndi bombalo kuti anthu akaliwononge. Yachiwiri ndiyo kulonda doko usiku ndi kuulula mdani wosambira mobisala.

Nyamazi zinatumizidwa ku Cam Ranh Bay, m'dziko la Vietnam, mu 1970 ndi 1971. Ku Bahrain mu 1987. Ndiponso ku doko la Umm Qasr, m'dziko la Iraq, mu 2003. Ku Umm Qasr zinathandiza kutsegula njira ya m'madzi, ndipo sitima ya ku Britain yotchedwa Sir Galahad inalowa pa dokolo itasenza chakudya ndi madzi a anthu ovutika. Nkhondo ya ku Iraq imeneyo ndiyo ija Papa John Paul II anaidzudzula isanayambe.

Dziko la Soviet Union nalonso linali ndi malo ake ophunzitsirako adolofini ku Sevastopol, pa Black Sea, kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Dzikolo litapasuka malowo anakhala a Ukraine, ndipo mu 2014 Russia anawalanda pamodzi ndi chigawo cha Crimea. Mu 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itakula, zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga zinaonetsa makola awiri a adolofini pakhomo pa doko la Sevastopol.

Asilikali a ku United States adzikanira ndi mau awa: kuti sanaphunzitsepo dolofini kupha munthu kapena kusenza bomba, kuti nyama zao zili ndi madokotala ndi chakudya chokwanira, kuti zigwira ntchito m'nyanja zosamangidwa chingwe ndipo zibwerera zokha, ndi kuti anasiya kalekale kugwira adolofini a m'nyanja, popeza amene ali nao aswana m'khola momwemo. Otsutsa ayankha kuti nyama yobadwira m'khola ibwerera chifukwa sidziwa kwina kopita, ndipo kuti khola la ukonde, ngakhale likhale labwino chotani, silingafanane ndi nyanja. Mau a mbali zonse ziwiri ayenera kumvedwa chigamulo chisanaperekedwe.

3. Bwampini wa ku Mozambique

M'chaka cha 1997 munthu wina wa ku Belgium, Bart Weetjens, anayambitsa bungwe lotchedwa APOPO, limene mu 2000 linakakhazikika ku Morogoro, m'dziko la Tanzania. Maganizo ake anali akuti bwampini, amene anthu ambiri amuyesa ndiwo chabe kapena mbala ya m'nkhokwe, ali ndi mphuno yakuthwa zedi ndipo angaphunzire kununkhiza onga wa m'bomba. Aphunzitsidwa kuyambira ali mwana kwa miyezi ingapo. Akapeza fungo loyenera amva kaphokoso ka mphunzitsi nalandira nthochi kapena mtedza. Kumunda avekedwa kalamba komangidwa ku chingwe, nayenda mzere ndi mzere pakati pa anthu awiri. Akamva fungo la bomba ayamba kupalasa nthaka, ndipo akatswiri abwera kudzakumba.

Chinthu chachikulu nchakuti bwampini ngopepuka, kilogalamu imodzi ndi pang'ono chabe, kotero kuti angaponde pa bomba osaliphulitsa. Malo amene munthu wa makina angathere masiku angapo, iye awamaliza ola lisanathe, chifukwa sataya nthawi ndi misomali kapena zitini. Agwira ntchito m'mawa dzuwa lisanatenthe, ndipo akakalamba apumitsidwa nadyetsedwa mpaka imfa yake. Ku Mozambique bungweli linagwira ntchito m'zigawo za Gaza, Maputo, Manica, Sofala ndi Tete, nilichotsa mabomba oposa 13,000. Mabungwe ena, monga HALO Trust, anachotsanso ambiri ndi manja a anthu ndi makina. Pa 17 Seputembala 2015 boma la Mozambique linalengeza kuti minda yonse ya mabomba imene inkadziwika yatha. Alimi anabwerera ku minda ya makolo ao, ana nayenda kusukulu mopanda mantha.

Bwampini mmodzi, dzina lake Magawa, anagwira ntchito ku Cambodia napeza mabomba ndi zophulika zina zoposa 100. Mu 2020 analandira mendulo yagolide ku Britain, ndipo anafa ndi ukalamba mu Januwale 2022.

4. Zimene Malembo Oyera aonetsa

Buku la Genesis lifotokoza kuti Mulungu analenga zamoyo za m'madzi, za mumlengalenga ndi za pamtunda, naona kuti nzabwino munthu asanalengedwe nkomwe. Pambuyo pake anapatsa munthu ulamuliro pa izo (Genesis 1:26-28), namuika m'munda kuti aziulima ndi kuusunga (2:15). Ulamuliro umenewo ndi wa kapitao, amene adzafunsidwa ndi mwini munda. Chitatha chigumula, pangano la utawaleza Mulungu analichita ndi Nowa pamodzi ndi zamoyo zonse zimene zinatuluka m'chombo (Genesis 9). Malamulo a Mose apatsa ng'ombe ndi bulu mpumulo wa tsiku la Sabata (Eksodo 23:12), naletsa kumanga pakamwa ng'ombe yopuntha tirigu (Deuteronomo 25:4). Buku la Miyambo (12:10) liika kusamala ziweto pakati pa zizindikiro za munthu wolungama.

Nkhani zitatu ziwalitsa funso la lero. Yoyamba ndi ya Samisoni (Oweruza 15). Atapsa mtima, anagwira nkhandwe 300, nazimanga michira ziwiriziwiri, naika miuni ya moto pakati, nazitayira m'minda ya Afilisti. Mbeu zinapsa, koma mkwiyo sunathere pomwepo: Afilisti anatentha mkazi wake ndi mpongozi wake, ndipo kuphana kunapitirira. Nkhandwe zija zinalibe mlandu ndi Afilisti kapena ndi Samisoni.

Yachiwiri ili m'buku loyamba la Amakabeo, mutu 6. Mfumu Antioko inabwera kudzamenya Ayuda ndi njovu 32 zophunzitsidwa nkhondo, iliyonse itasenza nsanja yamatabwa yokhalamo ankhondo. Kuti njovuzo zikalipe, anaziwonetsa madzi ofiira a mphesa ndi a mabulosi. Apa pali umboni wakuti njovu payokha sinali kufuna nkhondoyo, anachita kuiputa. Eleazara, mbale wa Yudasi Makabeo, analowa pansi pa njovu yaikulu koposa naibaya, ndipo inamgwera. Anafa onse awiri.

Yachitatu ndi ya Balamu ndi bulu wake (Numeri 22). Mngelo wa Mulungu anaima m'njira atasolola lupanga. Mneneri sanamuone, koma bulu anamuona napatuka. Katatu Balamu anamkwapula, mpaka Mulungu anatsegula pakamwa pa buluyo kuti afunse chimene analakwa, atamtumikira mokhulupirika masiku onse. Pomaliza mngelo anadzudzula Balamu, namuuza kuti bulu uja ndiye wampulumutsa ku imfa. Nyama inaona tsoka lobisika m'njira limene munthu sanalione. Bwampini wa ku Tete ali m'gulu la bulu wa Balamu. Nkhandwe za Samisoni ndi njovu za Antioko zili m'gulu lina.

5. Chiphunzitso cha Eklezia

Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene anatuluka m'chaka cha 1992, aika nkhani ya nyama pansi pa lamulo lachisanu ndi chiwiri, loletsa kuba (ndime 2415 mpaka 2418). Chifukwa chake nchakuti chilengedwe ndi chuma cha anthu onse, a kale, a lero ndi a mtsogolo, ndipo wochiwononga abera ana osabadwa. Ndimezo ziphunzitsa zinthu zinai. Choyamba, nyama ndi zolengedwa za Mulungu, zimtamanda ndi kukhalapo kwao, ndipo anthu ali nazo ngongole ya chifundo, monga anachitira Francis wa ku Assisi ndi Philip Neri, oyera aja. Chachiwiri, nkololedwa kudya nyama, kuvala zikopa zake, ndi kuziweta kuti zithandize munthu pa ntchito. Chachitatu, kuzunza kapena kupha nyama popanda chifukwa chenicheni kuchotsa ulemu wa munthu mwini wake. Chachinai, nkosayenera kutayira nyama ndalama zimene zikadathandiza anthu osauka, kapena kuzipatsa chikondi choyenera munthu yekha.

Chotero Eklezia akana zolakwa ziwiri: kuyesa nyama ngati khasu kapena mwala wosamva kupweteka, ndiponso kuiyesa yofanana ndi munthu, amene yekha analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu.

Thomas Aquinas Woyera anaphunzitsa kalekale kuti wozolowera nkhanza pa nyama posachedwa adzachita nkhanza pa anthu. Papa Francis anabwereza mfundo yomweyi mu 2015 m'kalata yake yotchedwa Laudato Si', pofotokoza kuti munthu ali ndi mtima umodzi, ndipo kuipa kumene kumzunzitsa nyama sikuchedwa kuonekera pa anzake. Za nkhondo, Katekisimu avomereza kuti dziko liziteteze likaputidwa, koma pokhapokha njira zonse zamtendere zitalephera, ndipo aonjeza kuti nkhondo ikayamba malamulo a Mulungu saimitsidwa (ndime 2307 mpaka 2317).

6. Miyeso itatu ndi chigamulo

Katekisimu satchula dolofini kapena bwampini ndi dzina. Apereka miyeso imene mkhristu ayenera kuyesera nayo ntchito iliyonse yopatsidwa kwa nyama.

Muyeso woyamba ndi cholinga: kodi nyamayo itumidwa kukapulumutsa moyo kapena kukauchotsa? M'chaka cha 1941 asilikali a Soviet Union anagwiritsa ntchito agalu polimbana ndi akasinja a Germany. Ankawasunga ndi njala, nawaikira chakudya pansi pa akasinja, mpaka agaluwo anazolowera kuthamangirako. Pa tsiku la nkhondo ankawamangirira bomba pamsana. Galu ankathamanga ndi chiyembekezo cha chakudya nakafera pomwepo. Ena, poopa kulira kwa mfuti, ankabwerera kwa eni ao ndi bomba lomwelo. Ntchito yotere ndi tchimo poyera. Kuphunzitsa nyama kulikonse kumangidwa pa chikhulupiriro: nyama idalira dzanja limene liidyetsa. Wosandutsa chikhulupirirocho nyambo ya imfa achita chinyengo pa cholengedwa chosatha kudzikanira. Ngakhale malamulo a maiko azindikira zimenezi: pangano la ku Geneva la 1980 liletsa kutchera mabomba pa nyama zamoyo kapena zakufa, monganso liletsa kuwatchera pa zidole za ana, pa chakudya ndi pa mitembo. Chotero kuphunzitsa dolofini kupha munthu kapena kusenza bomba nkosaloledwa konse, nkhondoyo ikhale yolungama kapena ayi.

Muyeso wachiwiri ndi kasungidwe: kodi nyamayo ikhala monga mwa chibadwa chimene Mulungu anaipatsa? Bwampini chikhalire chake ndi wa kuuna, wokonda kununkhiza ndi kukumba. Ntchito yake ifanana ndi chibadwa chake, ndipo bomba silimphulikira. Dolofini analengedwera nyanja yopanda malire ndi gulu la abale ake. Kumtsekera m'khola, kumkweza m'ndege ndi kukamtsitsa m'madzi achilendo a doko la nkhondo ndi mtolo wolemera kwambiri, ngakhale omsunga amkonde ndi mtima wonse, monga ambiri amkondadi. Pali choopsa chinanso. Mdani akadziwa kuti adolofini alonda doko, sangathe kusiyanitsa wophunzitsidwa ndi wa m'nyanja, ndipo adzafuna kupha aliyense amene amuona. Akale anati njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Pano omenyana ndi anthu, ovutika ndi nyama zosadziwa kanthu.

Muyeso wachitatu ndi kufunika kwake: kodi palibe njira ina? Moyo wa munthu uposa wa nyama, ndipo ngati dolofini yekha angapeze bomba limene likadamiza sitima ya chakudya kapena bwato la asodzi, kumtuma sikulakwa. Koma maiko omwewo ali kupanga makina oyenda pansi pa madzi kuti agwire ntchito imeneyi. Tsiku limene makinawo adzakwanitse, chifukwa chosungira adolofini m'makola a asilikali chidzatha, ndipo udindo wa maikowo ndiwo kufulumiza tsikulo, kuleka kuswetsa ena, ndi kusamala amene alipo mpaka imfa yao, popeza wobadwira m'khola sangathe kungotayidwa m'nyanja.

Chigamulo tsono ndi ichi. Kusandutsa nyama chida chophera ndi tchimo. Kuituma kukachotsa zoopsa zotsala ndi nkhondo, ikusamalidwa bwino, ndi ntchito yolemekezeka. Pakati pa ziwirizi pali dolofini wa asilikali: ntchito yake yofunafuna mabomba ingapiriridwe kwa kanthawi, poteteza anthu osalakwa, koma singatamandidwe ngati chinthu chokhalitsa, ndipo ikakhala yothandiza dziko lolanda la mnzake, kusalungama kwa nkhondoyo kuigweranso. Mlandu nthawi zonse ndi wa munthu. Nyama ilibe ufulu wosankha, chotero ilibe tchimo, ilibenso mbendera.

7. Njovu za ku Liwonde

Ku Machinga kuli chitsanzo chotembenuza nkhani ya Antioko. Malo osungirako nyama a Liwonde, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1973, anafika posakazika ndi opha nyama mobisa. Mu 2015 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyang'anira malowo. Misampha yawaya zikwizikwi inazulidwa m'tchire, mpanda wamagetsi unamangidwa, ndipo nyama zinachulukanso kotero kuti mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi ku Majete zinasamutsidwira ku Nkhotakota, ndi zina 263 za ku Liwonde ku Kasungu mu 2022. Asilikali a ku Britain anabwera kudzaphunzitsa alonda a nyama. Pa 5 Meyi 2019 mmodzi wa iwo, Mathew Talbot, wa zaka 22, anaphedwa ndi njovu ali pa ulonda woteteza njovu zomwezo. Kale njovu zinkaphedwa pa nkhondo za asilikali. Apa msilikali anafa potumikira chilengedwe cha Mulungu.

Komabe alimi oyandikana ndi malowa adziwa kuti njovu kapena mvuu ingathe kumaliza munda wa chimanga usiku umodzi, ndipo mabanja ena analira maliro chifukwa cha nyamazi. Chiphunzitso cha Eklezia sichiwaiwala. Kusamala nyama kumene kunyoza mlimi wosauka sikuli kwachikhristu. Oyang'anira nyama ayenera kusunga mpanda, kumva madandaulo a midzi msanga, ndi kuonetsetsa kuti phindu la malowo lifika kwa anthu amene asenza mavuto ake. Anthu a m'midzi nawo ayenera kuleka kudula waya wa mpanda kuti apangire misampha, pakuti wochita zimenezo atsegulira njovu njira ya ku munda wa mnansi wake.

8. Phunziro la pakhomo

Mkhristu wa ku Utale, Ulongwe, Ntaja kapena Nsanama mwina sadzaona dolofini moyo wake wonse, koma miyeso itatu ija imtsata mpaka pakhomo. Mwini ngolo amene asenzetsa ng'ombe kapena abulu katundu wopyola mphamvu zao, nawakwapula dzuwa lili paliwombo, goli likupekesa chilonda pakhosi, achita za Balamu. Amene amana galu chakudya ndi kumzunza dala kuti akhale waukali, kenaka namtumiza kukaluma mnansi wokangana naye malire, achita za Antioko. Amene athira mankhwala akupha m'dziwe kuti agwire nsomba zambiri, kapena atentha tchire lonse pofuna mbewa zochepa, achita za Samisoni, ndipo moto wake sudziwa munda wa mdani ndi wa mbale. Zoterezi nzoyenera kuziulula m'sakramenti la kulapa.

Kupha nkhuku ya alendo, kulimitsa ng'ombe, kuweta galu wolonda, kupha njoka kapena galu wachiwewe poteteza ana, zonsezi nzololedwa. Chofunika nchakuti nyama yophedwa iphedwe msanga popanda kuisewera, ndipo yogwira ntchito ilandire madzi, chakudya, mthunzi ndi mpumulo.

Makolo ndi aphunzitsi ayenera kupenyetsetsa ana. Mwana amene athyola mbalame miyendo kuti aseke, akapanda kudzudzulidwa, mtima wake uyamba kuuma. M'nkhondo ya ku Mozambique ana ambiri anagwidwa m'midzi nakakamizidwa kunyamula mfuti. Amene anachita zimenezo anagwiritsa ntchito njira yomwe ija ya agalu a akasinja: njala, mantha ndi chikhulupiriro cha wofooka. Mtima wotha kuona cholengedwa chamoyo ngati chida chabe suima pa nyama pokha. Ndicho chifukwa chake Eklezia, poteteza nyama, atetezanso munthu.

Nkhondo simanga mudzi. Pa chaka cha Francis Woyera, akhristu apempherere maiko amene ali pa nkhondo, anthu amene azula mabomba m'minda, alonda a nyama a ku Liwonde ndi alimi oyandikana nao, kuti mphatso zimene Mlengi anaika m'zolengedwa zake zigwire ntchito ya moyo.

Mafunso a m'miphakati ndi m'makalasi a katekisimu

1. Kodi dolofini asiyana bwanji ndi nsomba, ndipo asilikali amfuniranji?
2. Mulungu atapatsa munthu ulamuliro pa nyama, anampatsanso udindo wanji?
3. Kodi nkhani ya bulu wa Balamu isiyana bwanji ndi ya nkhandwe za Samisoni ndi njovu za Antioko?
4. Nchifukwa ninji Katekisimu aika nkhani ya nyama pansi pa lamulo lachisanu ndi chiwiri?
5. Miyeso itatu yoyesera ntchito yopatsidwa kwa nyama ndi iti? Bwampini ndi dolofini aima pati pa muyeso uliwonse?
6. Kodi mphakati ungachitenji ukaona mkhristu akuzunza ziweto zake, kapena ukaona banja limene njovu zalidyera munda?